Thangata: M'mene Makolo Athu Analipirira Malo Okhalapo

Mau akuti thangata sanali oipa pa ciyambi. Kale munthu akadwala m'nyengo ya dzinja, abale ace ndi anansi ankatenga makasu nakampalirira munda, ndipo uko ndiko kunali kuthangata. Mkazi wamasiye akafuna kufolera nyumba ankaphika thobwa, anthu nabwera ndi mitolo ya udzu, natsiriza nchito tsiku lomwelo. Mfumu nayonso inkathangatidwa m'munda mwace, pakuti nkhokwe ya mfumu ndiyo inkadyetsa alendo ndi amphawi. Koma lero mukachula mau amenewa pamaso pa nkhalamba ya ku Thyolo, ku Mulanje kapena ku Ciradzulu, mudzaona nkhope yace irikusintha, cifukwa kwa iyo thangata ndilo dzina la goli limene atate ace ndi amace anasenza. Mwezi uno tifuna kulongosola m'mene mau abwino aja anasandukira dzina la lendi ya malo, ndi njira zimene anthu osauka anayesa polipira lendiyo kuti asacotsedwe pa nyumba zao.

Ana athu okhala m'matauni adziwa bwino bvuto la lendi, kuti mwezi ukatha mwini nyumba aima pakhomo. Ambiri a iwo ayesa kuti ici ndi ca m'tauni mokha, ndi kuti kumudzi munthu sanalipirepo malo ogonapo. Si tero ai. M'dziko la mapiri la pakati pa Zomba, Blantyre, Thyolo ndi Mulanje, anthu a m'midzi analipira lendi zaka monga 60, ndipo analipira pa nyumba zimene anamanga okha ndi manja ao. Nyumba ya makolo siinali ya mtengo wapatali: nsici ndi phaso zinali m'thengo, luzi m'thengo momwemo, udzu kudambo, dothi lomatira pa culu. Mfumu ndiyo inkagawa malo a nyumba ndi a munda, wolandira nathokoza ndi nkhuku, nkhani nithera pomwepo. Cimene cinadzakwera mtengo ndico nthaka imene nyumbayo inaimapo.

Cisanafike caka ca 1891, m'mene dziko lino linalowa m'manja mwa Angerezi, Azungu ena amalonda ndi olima anali atagula kale malo kwa mafumu. Mtengo wace unali nsaru, mikanda, mfuti, wonga ndi zina zotere. Mafumu ambiri anayesa kuti alikupatsa mlendo pokhala monga mwa mwambo, pakuti mfumu iribe mphamvu yakugulitsa dziko la mbumba. Koma wogulayo anayesa kuti wagula kosatha, monga acitira kwao. Bwana Harry Johnston, woyamba kulamulira dziko lino m'dzina la Angerezi, anayamba m'caka ca 1892 kuweruza malonda amenewa, napereka makalata otsimikiza kwa iwo amene anawabvomereza. Mtengo umene iye anauyesa wokwanira unali kuyambira theka la kobiri kufikira makobiri 3 pa ekala imodzi. Makalata onse pamodzi anatenga maekala monga 3,700,000. Ocuruka a maekala amenewa anali kumpoto kwa dziko, koma kumene kunadzabvuta kwambiri ndi kumapiri kuja, kumene maekala oposa 800,000 a nthaka yabwino ndi ya mvula yambiri anagwa m'manja mwa eni owerengeka.

Wa malo akulu koposa onse anali Eugene Sharrer, amene anali ndi maekala oposa 350,000, ndipo pambuyo pace malowo anakhala a British Central Africa Company. Malo a John Buchanan ndi abale ace anadzakhala a kampani ya Blantyre and East Africa. Alexander Low Bruce, amene anakwatira Agnes mwana wa David Livingstone, anatenga dziko la Magomero, komwe kuja Bishopu Mackenzie anamanga misoni yace m'caka ca 1861. Pano sitiyenera kubisa kanthu: Buchanan anafika m'dziko muno monga wanchito wa misoni ya Blantyre, ndipo mamisoni ena naonso analandira makalata a malo monga analandirira amalonda. Ife amene tinaphunzira m'sukulu za misoni tikanena mbiri imeneyi tisamaloze cala kunja kokha.

M'makalata ambiri Johnston anaikamo mau akuti midzi ndi minda imene inalipo kale isasunthidwe popanda cilolezo ca Boma. Mau amenewa anali abwino pa pepala, koma anali ndi ziboo ziwiri. Coyamba, panalibe munthu analemba maina a midziyo kapena kuyesa malire a minda yace. Caciwiri, makolo sankakhala pa malo amodzi masiku onse. Nthaka ikaguga ankatema mphanje pena, ndi mudzi womwe unkasamuka. Tsono mudzi ukangosuntha pang'ono, mwini malo ankati, Awa sali pa malo ao akale, akhala pa malo anga.

Eni malo aja anayamba ndi khofi, ndipo khofi atalephera m'zaka zoyamba za m'ma 1900 anatembenukira ku thonje, fodya ndi tii. Mbeu zonsezi zifuna manja ambiri m'miyezi ya mvula, ndiyo miyezi yomweyo imene munthu aliyense afuna kukhala m'munda mwace. Nthaka anali nayo yambiri, yoposa imene akanatha kulima, koma ndalama zolipirira anchito zinali zocepa. Cotero anaona kuti cuma cao ceniceni ndico anthu okhala pa nthakayo. Boma nalonso linawathandiza ndi msonkho. Msonkho wa nyumba unakhazikika m'caka ca 1894, masheleni 3 pa nyumba imodzi. Kuyambira 1902 unakwera kufikira masheleni 6, koma wogwira nchito kwa Mzungu mwezi umodzi ankalipira 3 okha. M'caka ca 1912 unafika pa 8 ndi 4, ndipo kusiyanitsa kumeneku kunatha m'caka ca 1921, pamene onse anayamba kulipira masheleni 6.

Nthawi yomweyo, kuyambira monga caka ca 1899, kunadza khamu la Alomwe ocokera ku dziko la Apwitikizi, kum'mawa kwa phiri la Mulanje, alikuthawa njala, nkhondo ndi nchito yokakamiza. Anthu amenewa anafika opanda kanthu, ndipo mau aja oteteza midzi yakale sanali kuwakhudza konse. Eni malo anawalandira ndi manja awiri, nawauza kuti, Mangani pano, limani pano, koma mudzatigwirira nchito. Mlendo wothawa moto safunsa mtengo wa mthunzi; anabvomera. Umo ndimo thangata anakhazikikira, ndipo posacedwa eni malo analeka kusiyanitsa mlendo ndi mbadwa.

Njira yoyamba yolipirira lendi inali manja a munthu. Pangano lace linali lakuti mwamuna agwire mwezi umodzi cifukwa ca malo, ndi mwezi wina cifukwa ca msonkho wa Boma, umene mwini malo ankampereka m'malo mwace. Pongomva, miyezi iwiri pa caka siioneka yolemera. Koma mwezi umenewu sunali mwezi wa kumwamba umene tonse tiuona ukukhala ndi kufa; unali mwezi wa tikiti. Munthu ankapatsidwa kapepala, ndipo tsiku liri lonse kapitao ankalembapo cizindikiro ngati ndime yatha. Lasabata silinali kuwerengedwa. Tsiku lodwala silinali kuwerengedwa. Ndime ikakhala yaikuru, munthu nalephera kuitsiriza dzuwa lisanalowe, tsiku limenelo linkapita cabe. Cotero mwezi umodzi unkatambasuka kufikira masabata 6 kapena kuposa, ndipo pa minda ina miyezi iwiri ija inkadya dzinja lonse. Woyesa ndime anali wa mwini malo, wolemba tikiti anali wa mwini malo, ndipo wodandaula analibe kwina kopita.

Inu olima mudziwa cimene cicitika ndi cimanga cosapaliridwa m'mwezi wa Januwale. Apa ndipo panali kulemera kweni kweni kwa lendi imeneyi. Mwamuna ali ku thonje la bwana, mkazi yekha ndi ana alikulimbana ndi udzu, zokolola zicepa, mwezi wa Novembala usanafike nkhokwe yatha, banja liyamba ganyu m'minda ya eni kuti lipeze cakudya, ndi munda wao wa caka cotsatira ucedwanso. Pa buku la mwini malo panalembedwa mwezi umodzi, koma banjalo linalipira ndi nsima ya ana ace. Owerenga Buku Lopatulika akumbukira za anthu a m'masiku a Nehemiya, pa mutu 5, amene anapinyolitsa minda ndi nyumba zao cifukwa ca njala ndi msonkho wa mfumu. Makolo athu a kumapiri analibe ngakhale munda wakupinyolitsa.

Sikuti panalibe Mzungu woona coipa cimeneci. M'caka ca 1903 Boma linatengera kampani ya Blantyre and East Africa ku bwalo lalikuru cifukwa ca pangano limene inapangana ndi mafumu, lakuti anthu ao azigwira nchito m'nyengo ya mvula m'malo mwa lendi. Woweruza Nunan anakana panganolo, nati anthu amene anali pa malowo kale sakanayenera kutaya ufulu wao cotere. Caka cotsatira panalembedwa lamulo lakuti eni malo apatule gawo la nthaka likhale la anthu, koma lamulolo silinagwire nchito. Eni malo anali ndi mau amphamvu kwa akulu a Boma ku Zomba, ndipo anthu okhala pa malo ao analibe wowanenera.

Ku Magomero ndiko kumene goli linawawa koposa. Woyang'anira wa kumeneko, William Jervis Livingstone, amene anthu ankamucha Listonia, anabuka ndi nkhanza. Ndime zinali zazikuru, cikoti cinali pafupi, malipiro nthawi zina anali masamba a fodya m'malo mwa ndalama, ndipo akazi amasiye ndi osakwatiwa naonso ankaumirizidwa kugwira thangata. Sukulu ndi nyumba zopemphereramo sizinaloledwe pa malowo, ndipo zina zimene anthu a mpingo wa John Chilembwe wa ku Mbombwe anamanga zinatenthedwa. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu a Chilembwe anaukira; Livingstone anaphedwa pamodzi ndi Azungu ena awiri, ndipo pa 3 Febuluwale Chilembwe mwini anaomberedwa alikuthawira ku malire. Anthu ambiri anapacikidwa kapena kuomberedwa pambuyo pace. Zifukwa za nkhondo imeneyi zinali zambiri, ndipo kutengedwa kwa anthu kupita ku nkhondo ya Ajeremani kunali cimodzi; koma akulu amene Boma linawatuma kufufuza anabvomereza okha kuti macitidwe a pa minda ya Bruce anali oipa. M'caka ca 1917 panatuluka lamulo lakuti lendi izilipidwa ndi ndalama, munthu asaumirizidwe kugwira nchito cifukwa ca malo. Eni malo anayankha kuti cabwino, koma wosafuna kugwira nchito acoke. Lamulolo linafera pomwepo.

Lamulo limene linakhala nthawi yaitali ndilo la caka ca 1928. Linati munthu wokhala pa malo a mwini ali ndi ufulu wa pomanga nyumba, munda wa cakudya, nkhuni ndi mitengo yomangira, ndipo lendi angathe kulipira mwa njira zitatu: ndi nchito, ndi mbeu zogulitsa kwa mwini malo, kapena ndi ndalama. M'maboma ambiri lendi ya ndalama inaikidwa pa paundi imodzi pa caka, ndiwo masheleni 20. Tiyeni tiwerenge monga ticitira m'sukulu. Masiku ajo wanchito wamba ankalandira monga masheleni 6 pa mwezi. Paundi imodzi tsono inali malipiro a miyezi itatu ndi masiku ena pamwamba. Mukaonjezapo masheleni 6 a msonkho, miyezi inai yatha munthu asanagule nsaru ya mkazi wace, khasu kapena mcere. Ndiponso paundi imodzi iri ndi makobiri 240. Pa mtengo wapamwamba uja wa Johnston, makobiri 3 pa ekala, lendi ya caka cimodzi ya banja limodzi ikadagula maekala 80. Inde, zaka zoposa 30 zinali zitapita, ndipo mitengo ya zinthu inali itasintha. Komabe ciwerengero cimeneci ncoyenera kucisunga m'mtima.

Lamulo lomwelo linafafaniza mau aja oteteza midzi yakale, kotero kuti mdzukulu wa mfumu imene inalandira Mzungu woyamba anakhala wolipira lendi monga mlendo wofika dzulo. Linapatsanso mwini malo mphamvu yakucotsa banja limodzi mwa mabanja khumi ali onse pakutha pa zaka zisanu, popanda kunena cifukwa. Taganizani za munthu amene adziwa kuti angathe kucotsedwa ngakhale walipira zonse. Kodi adzabzala mango kapena malalanje? Kodi adzaumba njerwa? Adzathira manyowa m'munda? Adzamanga ya mitengo ndi udzu yokha, yosamvetsa cisoni poisiya. Alendo ena oyenda m'midzi imeneyi ankati anthu ace ngaulesi, poona nyumba zopendekeka ndi mabwalo opanda mtengo wa zipatso. Iwo sanadziwe kuti anthuwo anawerenga bwino.

Koma cimene cinalasa mtima koposa ndi nkhani ya ana. Amang'anja, Ayao ndi Alomwe onse ali ndi mwambo wa cikamwini: mwamuna apita kukamanga kwa mkazi, ndipo mudzi uyenda mwa akazi, kucokera kwa mai kunka kwa ana ace akazi. Lamulo la 1928 linalembedwa monga ngati mudzi uli wa amuna. Mwana wamwamuna akafika zaka 16 analibe ufulu wakukhala pa malo pamene anabadwira, ndipo mwana wamkazi akakwatiwa, mwini malo anali ndi mphamvu yakukaniza mkamwini kumanga. Tsono mtsikana acite ciani? Akatsata mwamuna, wasiya mbumba yace ndi manda a makolo ace, ndipo kwao kwa mwamuna alibe munda, pakuti minda ya kumeneko nja alongo a mwamunayo. Akakhala, akhala wopanda banja. Ambiri anapeza cilolezo pokhapokha mkamwini atalonjeza kulowa m'buku la thangata, motero ukwati womwe unasanduka khomo lolembera anchito. Munthu ankatha kulipira lendi zaka 20 osaphonya, koma osadziwa ngati adzukulu ace adzakulira pa bwalo lace.

Njira yaciwiri inali fodya. Eni malo ena, makamaka a Bruce ndi a British Central Africa Company, anaona kuti kulima okha ndi anchito sikupindula, nayamba kupatsa anthu mbeu kuti alime fodya wocizidwa ndi utsi m'minda mwao ndi kumgulitsa kwa mwini malo. Kwa anthu ambiri njira imeneyi inali yopepukirapo, cifukwa munthu anali m'munda mwace, pafupi ndi cimanga cace, wopanda kapitao kumbuyo. Ena anapezadi ndalama, nagula njinga ndi makina osokera. Koma wogula anali mmodzi yekha. Iye ndiye ankanena kuti tsamba ili nlabwino, ili nloipa. Sikelo inali yace. Mtengo unali wace, ndipo kawiri kawiri unali wocepa poyerekeza ndi umene anzao a pa nthaka ya Boma ankalandira. Munthu wotenga fodya wace usiku kukagulitsa kwina ankayesedwa wakuba, ngakhale analima yekha, nathyola yekha, naciza yekha ndi nkhuni zosenza pamutu pace. Tikiti ija inangosanduka sikelo.

Njira yacitatu, ya ndalama, inali ya iwo okha amene anali ndi kwina kozipeza. Amuna ambiri ananyamuka ulendo wa pansi kunka ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, ndi ku migodi ya Johannesburg, kumene malipiro anali oposa a kuno kangapo. Amene anakumbuka kwao ankatumiza paundi ija pa positi kapena mwa mnzao wobwerera, ndipo nyumba inkapulumuka. Ena anakhala machona, osamvekanso, mkazi natsala yekha kuyankha kapitao. Akazi otere ndiwo anasenza mbali yaikuru ya lendi imene mabuku sanailembe. Ankagulitsa nkhuku, nandolo, mbatata ndi miphika youmba. Ankasenza ufa ndi nkhuni kunka ku Limbe ndi ku Blantyre. Ndipo ambiri ankaphika mowa ndi kucheza kacasu. Ife sitibvomereza mowa, ndipo taona nyumba zambiri zimene unapasula. Koma tiyesa kuti mabwalo a mipingo, poweruza akazi otere, akadacita bwino kufunsanso kuti ndalama ya mowayo irikupita kuti.

M'zaka za m'ma 1930 malonda anagwa pa dziko lonse lapansi, mtengo wa fodya unatsika, ndipo minda yambiri inasowa nchito yopatsa anthu. Pamenepo panaoneka cinthu codabwitsa, kuti umphawi wa mwini malo unakhala mpumulo wa okhala pa malo ace. Lamulo linati mwini wosapereka nchito kapena njira yolimira mbeu zogulitsa sangathe kufunsa lendi, ndipo ambiri anakhala zaka osalipira kanthu. Kucotsa anthu kwa 1933 ndi 1938 sikunali kwakukuru, pakuti Boma lomwe linalibe kowaika: nthaka ya mafumu yozungulira mindayo inali itadzaza kale. Koma malonda atadzukanso m'nthawi ya nkhondo yaciwiri, eni malo anakumbuka mphamvu zao. M'caka ca 1943 mabanja mazana ambiri a m'boma la Blantyre analandira makalata akuti acoke, ndipo anakana. Sanatenge mikondo monga a 1915. Anangokhala pansi pa makomo ao, nati, Tipite kuti? Funso limenelo Boma linalibe yankho lace.

Cotero m'caka ca 1946 kunabwera woweruza wina wa ku England, Sir Sidney Abrahams, kudzafufuza za nthaka. Iye anaona kuti malamulo onse akale anayesa kukonza muyeso wa lendi, koma muyesowo unakhalabe m'manja mwa mwini malo. Uphungu wace unali wakuti Boma ligule malo amene eni ace sanali kuwalima, makamaka okhala ndi anthu ambiri, kuti akhalenso nthaka ya mafumu yopanda lendi. Kugula kunayamba m'caka ca 1948, m'masiku a Bwanamkubwa Geoffrey Colby, ndipo njala yoopsa ya 1949, imene inakantha dziko lomwe lino la kumwera, inaonetsa poyera kuti anthu apanikizana. Koma nchito inayenda pang'onopang'ono, cifukwa makampani ena sanafune kugulitsa, ndipo ena anagulitsa miyala ndi matsitso, nasunga nthaka yabwino.

Pakati pa kucedwa kumeneku lendi inakweranso. Pambuyo pa lamulo latsopano la 1952 inafika pa masheleni 52 ndi makobiri 6, kuposa kawiri paundi ija. Caka ca 1953 cinali caka ca Citaganya, cimene anthu a dziko lino anacikana ndi mtima wonse, ndipo mkwiyo wa nthaka unaphatikana ndi mkwiyo wa Citaganya. M'mwezi wa Ogasiti cipolowe cinabuka ku Thyolo, nicifalikira m'maboma oyandikana nao. Anthu anatseka miseu, nakana lendi ndi msonkho, ndipo 11 anaphedwa. Pambuyo pace kugula malo kunafulumira. Gawo lalikuru la Magomero linagulidwa m'zaka zomwezo. M'caka ca 1946 mabanja okhala pa malo a eni anali monga 49,000. Pofika 1962 anatsala monga 9,000, ndipo m'caka cimeneco, aphungu osankhidwa ndi anthu atalowa m'nyumba ya malamulo, thangata anathetsedwa. Zimene malamulo a 1904, 1917 ndi 1928 analephera, zinatheka pamene nthaka ya pansi pa nyumba inaleka kukhala ya munthu wina. Pa malo ogulidwawo ndipo anthu anayamba kuumba njerwa ndi kubzala mitengo ya zipatso.

Tisanamize owerenga kuti nkhani inathera pamenepo. M'cigawo ca pakati munali kale mtundu wina wa kukhala pa malo a eni, umene A. F. Barron ndi R. W. Wallace anauyamba ku Lilongwe m'zaka za m'ma 1920. Kumeneko banja linkabwera kwa nyengo imodzi ya fodya, nilipatsidwa munda, mbeu ndi cakudya pa ngongole, ndipo pogulitsa fodya kwa mwini malo ngongoleyo inkadulidwa. Dziko litalandira ufulu m'caka ca 1964 njira imeneyi inakula koposa kale, makamaka m'zaka za m'ma 1970, pamene minda ya fodya wa bale inacuruka ku Kasungu, ku Mcinji ndi kumpoto. Tsopano eni minda anali anthu akuda anzathu, ndipo ambiri a matenanti anali adzukulu a anthu a thangata aja, ocokera ku Mulanje, ku Thyolo ndi ku Phalombe. Buku la ngongole linali m'manja mwa mwini munda monga tikiti inali m'manja mwa kapitao, ndipo mabanja ena ankatsiriza caka conse ali ndi ngongole yoposa mtengo wa fodya wao, ana ao osaponda ku sukulu. Nyumba ya malamulo inaletsa ulimi wa matenanti wotere m'caka ca 2021.

Cimene cinawatuma anthu amenewa kuyenda ulendo wautali cotere ndi kucepa kwa nthaka kwao. Minda ya tii ya ku Thyolo ndi Mulanje siinagulidwe m'masiku a Colby, pakuti inali yolimidwa, ndipo iripo kufikira lero. Anthu a m'mbali mwace acurukana, nalima m'matsitso a mapiri, banja limodzi pa kamunda kosakwana ekala. Pakati pa 2004 ndi 2011 Boma linayendetsa nchito yochedwa Kudzigulira Malo, ndi thandizo la World Bank. Anthu osowa minda ankadzisonkhanitsa m'magulu, napatsidwa ndalama zogulira nthaka kwa eni minda ofuna kugulitsa. Mabanja oposa 15,000 analandira malo mwa njira imeneyi, ndipo ambiri a ku Thyolo ndi Mulanje anasamukira ku Macinga ndi ku Mangoci, kutali ndi manda a makolo ao, kumene anayamba ndi kudula nsici ndi kumweta udzu.